Musamnamizire Satana

Abale, lekani kumsenzetsa Satana katundu wanu. Bambo agulitsa mbatata ya kacewere pamsika wa Lizulu, ndalama zonse n'kuthera m'kacasu ana ali opanda makope. Lamlungu aima pamaso pa mpingo, ati: "Mdyerekezi anandinyenga." Bodza limenelo! Palibe anamkoka mwendo. Miyendo inangotsatira kumene mtima unafika kale.

Mufuna kudziwa cimene munthu akonda zenizeni? Musamvere mmene aimbira m'kwaya. Onani kumene ndalama yoyamba ya zokolola ipita, kaya ndi metikali kaya ndi kwaca.

Alaliki ena amayesa kuti kuopseza anthu ndi moto wa Gehena kumacotsa ucimo. Mantha amagwira munthu sabata imodzi, cilakolako n'kumtenganso, monga udzu womweta pamwamba umaphukanso mvula ikagwa. Zakeyu, mkulu wa okhometsa msonkho ku Yeriko, palibe anamuopseza. Atalandira Yesu m'nyumba mwake, analonjeza kugawira osauka theka la cuma cake ndi kubweza kanayi zimene analanda. Cuma cinamthera mphamvu cifukwa anapeza cocikonda koposa.

Conco popemphera musangoti "Ambuye ndiletseni". Pemphani kuti asinthe cimene mtima wanu ukhumba.