Chipolopolo cha nkhondo chilibe malo mu komboni

Galimoto ya apolisi ikalowa mu Chipata, mu Kanyama kapena mu Matero kudzabalalitsa anthu, yang'anani zimene anyamula. Nthawi zambiri ndi AK-47. Ife tikuti mfuti imeneyi siyenera kubwera pagulu la anthu, ndipo chifukwa chake chili mu chipolopolo chimene imadya.

Chipolopolo cha AK-47 amachitcha 7.62x39. Anachipanga ku Soviet Union m'zaka za m'ma 1940 kuti asilikali aziphera adani kunkhondo. Chimachoka mu mfuti pa liwiro loposa mamita 700 pa sekondi imodzi, ndipo akachiwombera m'mwamba mopendeka chitha kukagwa kutali kuposa makilomita awiri. Kwa msilikali ubwino wake ndi womwewo: chimapita patali ndipo chimaboola. Manje ganizirani nyumba zathu. Malata, zitseko zamatabwa, mabuloko amphako, kantemba apa, ana akusewera apo. Chipolopolo chikaphonya woponya mwala sichiima. Chimalowa m'nyumba ya mayi amene akuphika nsima. Ngakhale chija amati "tawombera m'mwamba chabe" chimabwerera pansi, ndipo pansipo pali ife.

Cha pisito, cha 9 mm, chili ndi mphamvu yochepa ndipo sichifika kutali chotero, koma lata chimaboola, munthu chimapha. Cha labala ndiye chabwinoko, ngakhale nacho si choseweretsa. Kafukufuku wofalitsidwa mu BMJ Open mu 2017 anawerenga anthu 1,984 ovulazidwa ndi zipolopolo za mtundu umenewu m'maiko osiyanasiyana, ndipo 53 mwa iwo anamwalira. N'chifukwa chake malangizo a United Nations amati aziloza kumiyendo kapena kumunsi kwa mimba, osati kumutu. Komabe kusiyana kulipo. Wolasidwa ndi labala kawirikawiri amapita ku Chipata Level One nabwerera kwawo. Wolasidwa ndi chipolopolo chenicheni nthawi zambiri timakamuona ku mochale ya UTH.

Maliro tawalira kale. Pa 8 July 2016 Mapenzi Chibulo anawomberedwa tsiku limene apolisi analetsa msonkhano wa UPND ku Chawama. Mu February 2020, nthawi ya magasing'i, mwana wa sukulu wa zaka 14 anaphedwa ndi chipolopolo ku Chazanga, pafupi ndi ife pompano. Pa 23 December 2020 Joseph Kaunda ndi Nsama Nsama anafa pafupi ndi likulu la apolisi. A Nsama anali loya wa boma, ndipo sanali m'gulu la anthu amene anasonkhana tsikulo.

Ena adzati, nanga apolisi akakumana ndi akawalala amfuti azichita bwanji? Pamenepo palibe mkangano. Wapolisi naye ali ndi ana omudikira kunyumba, ndipo polimbana ndi munthu wamfuti ayenera kukhala ndi mfuti. Mfundo za United Nations za mu 1990 zimalola kuwombera mofuna kupha pokhapokha ngati palibe njira ina yopulumutsira moyo. Anyamata otentha matayala pa mseu sali pamenepo. Kumeneko kufunika zishango, zisoti, madzi ndi mkulu wa apolisi wodziwa kulankhula ndi anthu.

Nafenso achinyamata tili ndi mbali yathu. Mu 2020 magulu a m'makomboni anapha anthu pongowaganizira, ndipo mwala nawo umaphwanya mutu. Koma kulakwa kwathu sikupatsa boma ufulu wotiyankha ndi chida cha nkhondo.

Zimene tikufuna n'zosavuta. Wopita kukabalalitsa gulu asiye AK-47 ku kampu. Chipolopolo chilichonse chilembedwe potuluka ndi pobwerera, kuti chikasowa chimodzi tidziwe amene anachiwombera. Wina akafa, lipoti lituluke poyera. Nkhaniyi tiifunse kwa khansala ndi kwa MP wathu wa Mandevu, ndipo amene waona mfuti ikugwiritsidwa nchito molakwika akadandaule ku Police Public Complaints Commission kapena ku Human Rights Commission. Tiyambe lero, tenti ya maliro isanaimikidwenso pa mseu wathu.