Chitetezo kapena liwiro: mutu waukulu pa makompyuta akale ku Chiradzulu

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft idaleka kutumiza kwa onse zigamba zotseka mipata yomwe akuba amalowera m'makompyuta oyendera Windows 10. Nkhaniyi idadutsa mwakachetechete m'dziko muno, komatu ikukhudza makompyuta ambiri ogulidwa pa kaunjika omwe sangalandire Windows 11 chifukwa alibe kachipangizo ka TPM 2.0. M'boma la Chiradzulu, kumene ophunzira a pa Catholic University of Malawi ku Nguludi, aphunzitsi, alembi a m'maofesi a pa boma ndi eni mashopu osindikiza makalata pa Namadzi ndi Mbulumbuzi amadalira kompyuta tsiku ndi tsiku, funso lakale lauka mwamphamvu: kodi munthu aike antivayirasi yamphamvu kwambiri ngakhale ikulemetsa makina, kapena yopepuka?

Kuti chiopsezo chilipo, palibe angatsutse. Mu Febuluwale 2024, mtsogoleri wa dziko wa nthawiyo, Lazarus Chakwera, adauza Nyumba ya Malamulo kuti akuba a pa intaneti adalanda makina osindikizira mapasipoti ndipo ankafuna dipo. Kwa milungu ingapo Amalawi adasowa mapasipoti.

Ofuna kuyerekeza mapulogalamuwa amathamangira ku zotsatira za mabungwe awiri, AV-TEST ya ku Magdeburg ku Germany ndi AV-Comparatives ya ku Innsbruck ku Austria. AV-TEST imapereka mapointi 6 pa chitetezo, 6 pa liwiro ndi 6 pa kusavutitsa wogwiritsa ntchito, onse pamodzi 18. Woyang'ana zotsatirazo amapeza kuti mayina otchuka monga Bitdefender, Kaspersky, ESET, Norton ndi Microsoft Defender, yomwe imabwera kale mu Windows, amatsatana pafupi kwambiri pa kugwira mavayirasi. Kusiyana kwake kumakhala kochepa kuposa momwe otsatsa malonda amakokomezera.

Koma mayeso amenewa amachitikira pa makina osamalidwa bwino. Apa ndiye pagona nkhani. Antivayirasi imafufuza fayilo iliyonse ikamatsegulidwa kapena kukoperedwa. Pa kompyuta yokhala ndi SSD ndi RAM yokwanira, ntchitoyi siimveka n'komwe. Pa kompyuta ya 4GB yokhala ndi hadidisiki yakale yozungulira, kufufuzako kumalimbirana disiki ndi ntchito ya mwini wake, ndipo kalata yomwe imayenera kutseguka pompopompo imadikiritsa kasitomala. Mwini shopu yemwe pakhomo pake pali mzere wa anthu ofuna kusindikiza makalata ofunsira ntchito, magetsi a Escom asanathime, sachedwa kuganiza: amazimitsa antivayirasiyo "kwa kanthawi", kanthawiko n'kusanduka miyezi. Pulogalamu yomwe idapeza mapointi onse ku Germany ikazimitsidwa pa Mbulumbuzi, mapointi ake sapindulira aliyense.

Vuto lachiwiri ndi la bandulo. Antivayirasi za masiku ano zimazindikira mavayirasi atsopano polandira mndandanda watsopano tsiku lililonse, ndipo zambiri zimafunsa kaye ku maseva a kampani zikakayikira fayilo. Kompyuta yosalumikizidwa kwa miyezi itatu ili ngati mlonda wogwira ntchito ndi zithunzi za akuba a chaka chatha. Chonsecho vayirasi yofala m'masukulu ndi m'mashopu siifuna intaneti: imayenda pa fulashi, n'kubisa mafayilo a munthu ndi kusiya tizizindikiro tabodza m'malo mwake. Wophunzira mmodzi akaitenga posindikiza ntchito yake, pofika Lachisanu yafalikira kalasi yonse.

Mtengo nawo ndi wosanyozeka. Laisensi zambiri zimalipidwa chaka ndi chaka m'madola, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ambiri adatembenukira ku mapulogalamu obedwa. Kumeneko n'kuitanira fisi m'khola, pakuti mapulogalamu oterewa nthawi zambiri ndiwo amabwera ndi vayirasi. Zaulere nazo zili ndi mtengo wake wobisika: mu Febuluwale 2024, bungwe la Federal Trade Commission ku America lidalengeza kuti kampani ya Avast ilipira $16.5 miliyoni chifukwa chogulitsa mbiri ya zomwe makasitomala ake ankasakatula pa intaneti. Ena amaika antivayirasi ziwiri poganiza kuti alonda awiri aposa mmodzi, koma zimangolimbana n'kuimitsa makina.

Poona zonsezi, kwa sukulu kapena shopu ya ku Chiradzulu ndalama ya laisensi ingagwire ntchito yooneka itagula SSD ndi kabandulo ka mlungu ndi mlungu, Defender n'kusiyidwa yoyaka. Microsoft idalonjeza kupitiriza kutumiza mndandanda wa mavayirasi wa Defender pa Windows 10 mpaka Okutobala 2028, ngakhale zimenezo sizitseka mipata ya mu Windows mwenimweniyo. Malo osunga zinsinsi za anthu, monga chipatala chosunga mbiri ya omwe akumwa ma ARV, ndi nkhani ina. Lamulo la Data Protection Act la 2024 limawapatsa udindo woteteza zinsinsizo, choncho iwo ayenera kupeza makina otha kunyamula chitetezo champhamvu, ndi kusunga makope a mafayilo awo pa disiki yosalumikizidwa ku kompyuta iliyonse.