Feteleza wosaononga chilengedwe akufunika magetsi odalirika

Pamene mtengo wa gasi unakwera ku Ulaya m'zaka za 2021 ndi 2022, makampani akuluakulu monga Yara anachepetsa kapangidwe ka amoniya, yemwe ndi maziko a feteleza wa nayitrojeni. Mavutowa anafika mpaka kwa mlimi wa m'dziko muno, poti feteleza wathu wambiri amachokera kunja.

Gwero la nkhaniyi ndi njira ya Haber-Bosch, yomwe kampani ya BASF inayamba kugwiritsa ntchito ku Oppau m'dziko la Germany mu 1913. Njirayi imaphatikiza mpweya wa nayitrojeni ndi wa haidrojeni pa kutentha kwa madigiri 400 mpaka 500, mothandizidwa ndi chitsulo. Nayitrojeni ngwambiri mumlengalenga, koma haidrojeni amatengedwa ku gasi kapena malasha, ndipo apa mpamene pamatulukira mpweya wa kaboni dayokisaidi umene ukusokoneza nyengo.

N'chifukwa chake akatswiri akusintha gawo limeneli: haidrojeni azichokera m'madzi, pogwiritsa ntchito magetsi a dzuwa, mphepo kapena mathithi. Mu 2024 kampani ya Yara inatsegula makina otere ku Herøya m'dziko la Norway.

Komatu luso limeneli si lachilendo kuno kum'mwera kwa Africa. Kampani ya Sable Chemicals ya ku Kwekwe ku Zimbabwe inkapanga amoniya mwanjira yomweyi kuyambira m'zaka za m'ma 1970, podalira magetsi a ku Kariba. Makinawo anaimitsidwa mu 2015 kaamba ka kukwera mtengo ndi kuperewera kwa magetsi. Sayansi inalibe vuto, chimene chinakanika ndi magetsi. Ili ndi phunziro lalikulu kwa okonza ndondomeko m'dziko muno, momwe namondwe Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022, mamegawati pafupifupi 130 anasowa kwa nthawi yoposa chaka.

Palinso mfundo ina imene ambiri saiganizira. Feteleza wa yureya, amene alimi amabereketsera chimanga, amapangidwa pophatikiza amoniya ndi kaboni dayokisaidi yemweyo, ndipo mafakitale a gasi amakhala naye kale. Fakitale yodalira madzi ndi magetsi iyenera kufunafuna mpweyawu kwina, apo ayi izipanga feteleza wamtundu wina monga CAN. Zikatero, alangizi a zaulimi nawonso adzayenera kuunikanso malangizo amene amapereka kwa alimi.