M'mera m'poyamba: teremu yoyamba ya wophunzira kujambula mapulani a nyumba

Chaka chilichonse anyamata ndi atsikana amafika pa yunivesite ya NUST mumzinda wa Bulawayo ku Zimbabwe, yomwe idatsegulidwa mu 1991, kudzaphunzira luso lojambula mapulani a nyumba. Ena mwa iwo ndi ana a alimi omwe adagulitsa ng'ombe kapena chimanga kuti fizi ipezeke. N'chifukwa chake zomwe mwanayo asankhe m'teremu yoyamba zimakhudza banja lonse.

M'chaka choyamba cha maphunzirowa, ambiri mwa makosi amakhala oikidwiratu ndi sukulu. Chisankho chachikulu chomwe chimatsalira wophunzira n'chakuti nthawi ndi mphamvu zake azigawa bwanji. Kosi yomwe imakopa onse ndi ya situdiyo, kumene amajambula ndi kupanga tinyumba ta makatoni mpaka pakati pa usiku. Kosiyi ndiyo mtima wa maphunzirowa, koma ngozi yake n'njakuti imameza nthawi ya makosi ooneka otopetsa: a zipangizo zomangira, a masamu a kulimba kwa nyumba, a nyengo ndiponso a mbiri ya zomangamanga. Komatu mudzi umapindula kwambiri ndi makosi amenewa, pakuti chithunzi chokongola sichiletsa khoma kugwa.

Phunziro la mbiri silili m'mabuku mokha. Pa mtunda wa makilomita 22 kumadzulo kwa Bulawayo kuli mabwinja a Khami, omwe bungwe la UNESCO lidawaika pa mndandanda wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1986. Amisiri a kumeneko adayala miyala popanda matope kapena simenti, n'kupanga makoma ochirikiza nthaka ya pachitunda, ndipo pamwamba pake adamangapo nyumba za dothi. Makomawo akadalipo patapita zaka mazanamazana. Mlimi womanga migula m'munda wa pamtsetse amalimbana ndi vuto lomwelo: madzi, dothi ndi kulemera kwake.

Phunziro la nyengo nalo lili ndi mboni. Nyumba ya Eastgate ku Harare, yomwe adaijambula Mick Pearce ndipo idatsegulidwa mu 1996, idatengera nzeru pa chulu cha chiswe. Usiku mpweya wozizira umalowetsedwa m'nyumbamo n'kuziziritsa konkire, ndipo masana mpweya wotentha umatulukira m'machumuni pamwamba. Wophunzira womvetsa zimenezi adzatha kujambula kalasi kapena chipatala cha kumudzi chosatentha ngati ng'anjo mu Okutobala, ngakhale kulibe magetsi.

Masamu nawo ali ndi phindu loonekeratu. Bulawayo ndi mzinda wa ludzu. Mu 2020 ndi mu 2024 mipopi inkauma masiku angapo pa sabata chifukwa madamu adaphwa. Komabe dera limeneli limalandira mvula yokwana pafupifupi mamilimita 600 pa chaka. Milimita imodzi ikagwa pa denga la mita imodzi m'litali ndi m'lifupi imapereka lita imodzi ya madzi. Choncho denga la malata la mamita 10 m'litali ndi 5 m'lifupi lingakolole malita oyandikira 30,000 pa chaka, likakhala ndi ngalande ndi thanki zoyenera. Kuwerengetsa kotere kumayambira m'makosi omwe ophunzira ambiri amawapeputsa.

Pomwe pali mwayi woonjezera kosi ina, nzeru n'kudekha. Ichi chakoma ichi chakoma pusi adagwa chagada. Wophunzira ayambe wafunsa mphunzitsi womulangiza komanso ophunzira a chaka chachiwiri kuti situdiyo imadya maola angati pa sabata. Adziwenso makosi omwe akapanda kukhoza sangaloledwe kutenga a patsogolo pake, chifukwa kubwereza ndi fizi inanso. Makolo nawo awerengeretu ndalama za mapepala, makatoni, guluu ndi zida zojambulira, zomwe zimabwera padera.

Uphungu umenewu ukukhudzanso ophunzira a ku MUBAS ku Blantyre, komwe namondwe wa Freddy adagwetsa nyumba zambiri mu 2023. Alangizi a chitukuko ndi makomiti a m'midzi akufunika akatswiri odziwa kuya kwa maziko, kupsa kwa njerwa ndi komwe madzi amathamangira mvula ikagwa. Akatswiri otere amaumbidwa m'miyezi yoyambirira yomweyi, pamene wophunzira asankha kupereka nthawi ku kosi yovuta m'malo mongokometsera chithunzi.