Owononga nyengo alipire, asatikongoze

M'mwezi wa Malichi 2023 phiri la Soche linagumuka usiku. Matope, miyala ndi zipika zinatsetsereka n'kukwirira nyumba za ku Chilobwe, ndipo kutacha anthu ankafukula abale awo ndi makasu ndi mafosholo. Namondwe wa Freddy, amene anabweretsa ngoziyi, anapha anthu oposa 600 m'chigawo chakummwera, ena oposa 500 sanapezeke, ndipo oposa 650,000 anasowa pokhala. Kafukufuku wa boma anapeza kuti pakufunika madola pafupifupi 680 miliyoni kuti zinthu zibwerere mwakale.

Chaka chomwecho, kumsonkhano wa COP28 ku Dubai, mayiko olemera anasonkha ndalama za thumba lopepesera mayiko amene aonongekeredwa chifukwa cha kusintha kwa nyengo. Zonse zimene analonjeza zinakwana madola pafupifupi 700 miliyoni. Ndalama zoti mayiko onse osauka agawane zikungofanana ndi zimene Malawi yekha akufuna pa namondwe mmodzi.

Ife tikuti imeneyi ndi ngongole, ndipo amene ayenera kulipira akudziwika. Kuyambira pamene mafakitale a ku Britain anayamba kuotcha malasha, mayiko a ku Ulaya ndi America akhala akulemera uku akudzaza mlengalenga ndi mpweya wotenthetsa dziko. America yokha yatulutsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a mpweya wonse wotere umene watulutsidwa pa dziko lapansi. Africa yonse, ndi anthu ake oposa biliyoni, imatulutsa wosakwana magawo 4 pa 100 alionse pachaka. Nyanja ikatentha, anamondwe amanyamula madzi ochuluka, ndipo asayansi a World Weather Attribution anatsimikiza kuti mvula ya namondwe wa Ana mu 2022, amene anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, inakula chifukwa cha kutenthaku. Mlimi wa ku Nsanje, amene alibe galimoto kapena magetsi, ndiye akulipira ndi munda wake.

Chotiwawa kwambiri ndi kalipiridwe kake. Ku Copenhagen mu 2009 mayiko olemera analonjeza madola 100 biliyoni pachaka pofika 2020. Bungwe la OECD likuti anakwanitsa mu 2022, koma zambiri mwa ndalama zimene maboma anapereka zinali zokongoza. Zili ngati munthu waotcha nkhokwe ya mnzake, kenako n'kumukongoza chimanga cha katapira. Dziko limamanga mlatho ndi ngongole, madzi n'kuukokolola, n'kukakongolanso, pamene zipatala zilibe mankhwala.

Alipo amene asonyeza njira. Scotland, ku Glasgow mu 2021, inalonjeza mapaundi 2 miliyoni, ndipo zina mwa ndalama zake zafika m'manja mwa mabanja a m'dziko muno popanda kubweza. N'zochepa, koma zinaperekedwa movomera mlandu. America yachita zosiyana: mu 2025 inatuluka m'komiti yoyendetsa thumba lopepesera lija.

Pa 23 Julaye 2025, khoti la International Court of Justice, pa nkhani imene dziko la Vanuatu linatsogolera, linanena kuti dziko lolephera kuteteza nyengo lingathe kulamulidwa kupereka chipukutamisozi. Nthumwi zathu zipite kumisonkhano ndi mfundo imeneyi m'manja, ndipo zikane ndalama za nyengo zobwera ndi chiwongoladzanja. Boma nalo liziulula poyera tambala iliyonse imene yalowa ndi kumene yapita, chifukwa kusowa kwa ndalama za ovutika kumapatsa olemerawo chonamizira.