Pamphasa ndi Azakhali: Kodi mowa umathawadi mumphika?

Zikomo Azakhali,

Ndine mayi wa zaka 27, ndili pabanja ndipo tili ndi ana awiri, wamkulu wa zaka zinayi, wamng'ono wa zaka ziwiri. Amuna anga amayendetsa galimoto pakampani ina ndipo bwana wawo ndi mzungu wa ku Italy. Pa Khrisimasi anawapatsa botolo la mowa wachikasu lolembedwa kuti limoncello. Anaulawa ndi anzawo koma akuti ndi wotsekemera ngati mankhwala a chifuwa, ndiye unatsala theka, uli m'kabati mpaka lero.

Mnzanga wakuntchito anandiuza kuti mowa umenewu amaphikira nkhuku ndipo imakoma zedi. Lamulungu likubwerali apongozi anga aakazi akubwera kuchokera kumudzi pamodzi ndi mlamu wanga amene ndi woyembekezera. Chilowereni m'banjamu sanayamikirepo ndiwo zanga, ndiye ndimafuna ndiwadabwitse. Vuto ndi lakuti iwowa ndi mayi a Mvano, mowa safuna ngakhale fungo lake. Amuna anga akuti ndingophika, mowa umauluka wonse pamoto, ndipo palibe chifukwa chowauzira. Koma mtima wanga ukukana. Kodi ndi zoona kuti umauluka? Nanga kaphikidwe kake nkotani? Ndithandizeni.

Mayi wa ana awiri,
Chilomoni, Blantyre.

Mwana wanga,

Mwachita bwino kufunsa, paja safunsa anadya phula. Mtima wanu umene ukukanawo uli ndi nzeru, umvereni.

Tiyambe ndi botololo kuti mudziwe chimene mwasunga. Limoncello kwawo ndi kummwera kwa Italy, madera a Sorrento, Amalfi ndi chilumba cha Capri, kumene amalima mandimu ambiri. Amatenga khungu la mandimu nkuliviika mumowa waukali kwa masiku angapo, kenaka nkuthiramo madzi a shuga. Eni ake amamwa pang'ono chabe, wozizira, akatha kudya. Kutsekemerako kusakupusitseni. Mabotolo ambiri mphamvu yake imakhala cha m'ma 25 mpaka 30 peresenti, pamene mowa wamba wam'botolo ndi cha m'ma 5 peresenti. Werengani pachikalata chomata pabotolopo, analembapo.

Tsono za kuulukazo. Bambo akunyumbawo akunena zimene anthu ambiri amakhulupirira, koma ndi zoona pang'ono chabe. Mowa pawokha umawira msanga, pa madigiri 78, pamene madzi amawira pa 100. Koma ziwirizi zikasakanikirana sizisiyana chisawawa, zimatuluka limodzi munthunzi pang'onopang'ono. Akatswiri a zazakudya a boma la America anayeza zimenezi. Anapeza kuti ndiwo zikabwata mphindi 15, mumphika mumatsalabe magawo 40 mwa magawo 100 a mowa umene munathira. Pakatha mphindi 30 mumatsala 35, pakatha ola limodzi 25, ndipo ngakhale mutaphika maola awiri ndi theka mumatsalabe magawo 5. Kuyatsa moto m'chiwaya monga amachitira m'mahotela kumangosangalatsa maso, chifukwa kumasiya magawo 75.

Tiwerengere limodzi. Masupuni aakulu anayi a limoncello ali ndi mphamvu pafupifupi ngati botolo limodzi la mowa wamba. Mukaphika theka la ola, mumphika monse mwatsala ngati gawo limodzi mwa magawo atatu a botolo limenelo. Mukagawira anthu asanu ndi mmodzi, aliyense walandira kadontho. Munthu wamkulu amene amamwa kale sangamve kanthu, sangaledzere. Koma kadontho ndi mowa ndithu, ndipo patebulo panu pakhala anthu amene kadonthoko sikawayenera.

Woyamba ndi mlamu wanuyo. Achipatala amanena kuti palibe muyezo wa mowa umene umadziwika kuti ndi wabwino kwa mayi woyembekezera, chifukwa chimene mayi wamwa chimafika kwa mwana m'mimba. Achiwiri ndi ana anuwo, matupi awo ndi ang'onoang'ono, musawazoloweze. Achitatu ndi apongozi anu. Iwowa nkhani si ya thupi, ndi ya chikhulupiriro chawo. Munthu amene wakhala zaka zambiri akupewa chinthu chifukwa cha mpingo wake, simumudyetsa chinthucho mobisa. Chimodzimodzi mlendo wachisilamu, wa Seventh Day, kapena amene anasiya mowa movutikira ndipo fungo lokha likhoza kumubwezera kumbuyo.

Ndipo ndikutsineni khutu, mwana wanga. Zobisa m'banja sizikhalitsa. Tsiku lina bambowo adzaseka ndi abale awo nkuulula, kapena mwana wanu wamkuluyo adzanena yekha kuti amayi anathira zam'botolo la adadi. Zikadzatero apongoziwo sadzakwiyira mwana wawo ayi. Adzati mkazi uja anandimwetsa mowa m'nyumba ya mwana wanga, ndipo dzina limenelo lidzafika kumudzi inu musanafikeko. Mumafuna akuyamikireni, mudzapeza kuti akuopa ngakhale tiyi wanu. Khalani pansi ndi amuna anu, muwauze mwaulemu kuti mayi awo simungawanamize. Mwamuna wanzeru amanyadira mkazi amene akuteteza mayi ake.

Ndiye Lamulungu muphike chiyani? Kukoma kwa limoncello mumphika kumachokera ku zinthu ziwiri, fungo la khungu la ndimu ndi shuga. Zonsezi muli nazo kumsika. Tengani mandimu awiri, muwatsuke bwino, mupale kakhungu kakunja kokha, osafika poyera paja chifukwa pamawawa. Finyani madzi ake, musakanize ndi kakhunguko, supuni imodzi yaikulu ya uchi kapena shuga, ndi theka la kapu ya madzi. Zimenezi zilowe m'malo mwa mowa pakaphikidwe kamene ndikufotokozereni apa. Aliyense adya ndi mtima umodzi.

Komanso muwadziwe alendo anu. Mayi wochokera kumudzi akamva kuti kwaphedwa nkhuku, amayembekezera msuzi wa tomato ndi anyezi wodyera nsima. Ndiwo zotsekemera mwina aziona zachilendo. Gawani nkhukuyo pawiri. Theka muphike mwa masiku onse, lina la mandimu, adzisankhire okha. Ndipo nthutumba musaiwale kuika m'mbale yawo, kuti angafunse kuti nkhukuyi inalibe zam'kati kodi.

Botolo lija musataye. Lisungireni tsiku limene muli awiri ndi bambo, ana atadya zawo nkugona. Kaphikidwe kake nkotere. Dulani nkhuku yachizungu nthulinthuli, muipake mchere, adyo wosinja ndi tsabola ngati mumakonda, ikhale kaye theka la ola pamalo pozizira. Tenthetsani mafuta pang'ono m'chiwaya chotakata, mukazinge nthulizo mpaka zifiire mbali zonse, kenaka muziike pambale. M'mafuta omwewo kazingani anyezi mmodzi wamkulu mpaka afewe.

Apa ndiye mumvetsere. Yezani masupuni anayi a limoncello mukapu, botolo mutseke nkuliika kutali. Phulani chiwaya pamoto, muchiike pansi, ndiye muthire. Musathire kuchokera m'botolo chiwaya chili pambaula, chifukwa nthunzi ya mowa imagwira moto, ndipo lawi likhoza kukutenthani nkhope kapena chitenje. Mukathira, bwezerani pamoto, mutakase kuti zomata pansi zija zisungunuke, zibwate mphindi ziwiri kapena zitatu musanavundikire. Chiwaya chotakata chosavundikira chimatulutsa mowa wambiri kusiyana ndi poto wakuya wotseka.

Bwezeranimo nkhuku ija, muthire theka la kapu ya madzi, muchepetse moto. Ngati ndi pambaula, phulaniko makala ena. Chifukwa chake ndi shuga. Moto ukachuluka shuga amapserera, msuzi nkuda bii ndi kuwawa. Nchifukwa chake simuthira mowawu poyambirira pokazinga. Ziphike mphindi 25 kapena 30, mukutembenuza, mpaka msuzi ukhuthale nkumamatirira kunyama. Pomaliza finyiranimo theka la ndimu kuti kuwawasa kuchepetse kutsekemera. Lawani mchere. Zimayenda bwino ndi mpunga kapena mbatatesi.

Nkhuku yapsa ngati mwabaya ntchafu pafupi ndi fupa nkutuluka madzi oyera opanda magazi. Amene ali ndi choyezera kutentha, m'kati mwa nyama muzifika madigiri 74. Ngati ndi nkhuku yachikuda, yambani mwaiwiritsa mpaka ifewe, ndiye mukazinge, ndipo msuzi wowiritsirawo ulowe m'malo mwa madzi. Limoncello woyera mbuu ngati mkaka ndi mtundu wina, muli mkaka ndithu, ndipo ngati wakhala m'kabati miyezi yonseyi atatsegulidwa, ameneyo tayani.

Koma chimene chandidetsa nkhawa kwambiri m'kalata yanu simunafunse nkomwe. Mwati botolo lili m'kabati, m'nyumba muli ana awiri. Chakumwa chachikasu, chotsekemera, chonunkhira mandimu, mwana achiona ngati Sobo. Mowa waukali chonchi, ngakhale wochepa, umatsitsa shuga m'magazi a mwana wamng'ono, akhoza kukomoka. Lero lomwe likwezeni pamwamba kapena mulikiyire. Zitachitika kuti mwana wamwa, musadikire kuti agone uthe, ndipo musamukakamize kusanza. Thamangirani naye kuchipatala, botolo mutatenga kuti adokotala aone chimene wamwa. Uthenga umenewu ndi wa makolo nonse amene mumasunga zakumwa m'nyumba.

Za kuyamikiridwazo, dekhani. Apongozi ena pakamwa mpouma, sanena kuti zakoma. Inu muzingoyang'ana mbale. Ikabwerera kukhitchini ili mbee, mafupa okhaokha, dziwani kuti mwakhoza. Mudzandilembere mmene zayendera.

Ndine wanu,
Azakhali.