Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi

Achinyamata omwe angomaliza kumene ku yunivesite ali kalikiliki kulemba makalata opempha malo ophunzirira ntchito m'mabungwe a mtendere ndi chitukuko. Zolengeza zake zimakoma kuwerenga: mudzaphunzira zambiri, mudzadziwana ndi akuluakulu. Kumunsi kwenikweni, m'timalemba tating'ono, ndi komwe amanena kuti malipiro palibe, ndipo tikiti ya ndege, lendi ndi chakudya mudzadzionera nokha. Wachinyamata akati adandaule, akulu amangomuuza kuti mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, pita ukaone dziko.

Ndi zoona. Koma dziwe lililonse lomwe mwana wa ng'ona walowa amapezamo nsomba.

Mu Ogasiti 2015, mnyamata wa zaka 22 wa ku New Zealand, David Hyde, anatchuka m'manyuzipepala atapezeka akugona m'tenti m'mphepete mwa nyanja ku Geneva, uku m'mawa akuvala suti kukagwira ntchito yaulere ku United Nations. Pambuyo pake anavomera kuti za tentizo anachitira dala kuti dziko lione, komabe kudula kwa nyumba ku Geneva sanapeke ndi iye. Mu Disembala chaka chomwecho, nthambi ya chitetezo ya bungwe lomwelo, motsogozedwa ndi dziko la Jordan, inavomereza chigamulo 2250, chonena kuti achinyamata a zaka 18 mpaka 29 azikhala nawo pamene nkhani za mtendere zikukambidwa. Mawu abwino zedi. Nthambi zina za bungweli monga WHO ndi UNDP zinayamba kupereka kangachepe kwa ophunzira ntchito mu 2020, ndiye sikuti nzosatheka. Ena akungokakamira kusalipira basi.

Tsono amapita ndani? Amapita yemwe makolo ake angathe kumusunga miyezi 6 ku Geneva kapena ku New York osatuluka thukuta. Kwathu kuno ndiye kuti mwana wa ku Area 43, osati wa ku Kawale kapena Ndirande. Chonsecho amene amaudziwa utsi wokhetsa misozi ndi wa ku Ndirandeyo. Pa zionetsero za pa 20 Julayi 2011 panafa anthu pafupifupi 20, ambiri ku Mzuzu, ndipo mu 2019 misewu inatsekedwanso ndi matayala oyaka. Achinyamata omwe andale amawapatsa kobiri ndi kachasu kuti akagende anzawo ndi omwe angafotokoze bwino momwe chipolowe chimayambira, koma pa CV pawo palibe chowalowetsa pakhomo la ofesi.

Ngakhale amene walowa, kodi amaphunzitsidwa kuyanjanitsa anthu? Pitani ku msonkhano uliwonse wa mtendere ku hotela za kunyanja ku Salima kapena Mangochi, komwe ndalama za chitukuko zimakonda kukathera. Wophunzira ntchito mumupeza pakhomo ndi pepala losainira alawansi, akuwerenga mabotolo a madzi. Akatero amangirire chinsalu cha mutu wa msonkhano, ajambule zithunzi za pa Facebook, usiku alembe lipoti lomwe pachikuto padzakhale dzina la bwana. Nthawi yokambirana ikakwana amamupatsa mphindi ziwiri kuti "alankhulire achinyamata", anthu aombe m'manja, kenako tiyi.

Sitikukana kuti kuyenda kumatsegula maso. Yemwe wakhala ndi anzake a ku Rwanda kapena Colombia, n'kumva momwe anthu amakhaliranso limodzi ataphana, amabwerako wosintha. N'chifukwa chake zikupweteka kuti mwayi wotere ukugulidwa ndi thumba la makolo.

Dziko lino lili ndi lamulo la mtendere ndi umodzi la 2022, lomwe linabala Malawi Peace and Unity Commission. Bungweli ndi ena onse ogwira ntchito yomweyi akamatenga achinyamata ophunzira ntchito, alembe m'bajeti ndalama ya basi, ya lendi ndi ya nkhomaliro, mzere womwewo womwe amalembapo mafuta a galimoto za akuluakulu. Ndipo kalata yolengeza malowo ikaikidwenso pa ofesi ya DC ndi ku misika, osangoti pa intaneti.